Njinga Yopanda Matayala

Lachinayi, Januwale. Kwazizira, ndipo tsiku lonse maganizo anali kutali.

Bambo okalamba amene ndimawasamalira kunja kuno, m'tauni ya Romford, andionetsa chithunzi cha ku Canada. Ali mnyamata, atakwera njinga yamoto yopanda matayala, yotsetsereka pa chipale chofewa. Ndawafunsa ngati imamwa mafuta ngati chigalimoto chachikulu chimene achimwene akundiumiriza kuti nditumize kumudzi. Aseka, akuti kuchepa kwake kusandipusitse, yawoyo inkamwa kuposa galimoto.

Kaya, imwe mmene ingamwere. M'basi ndimangodziona ndili pa njingayo, ndikuyandama pamwamba pa matope a ku Ntchisi, amayi atandigwira m'chiuno, tikuthamangira kuchipatala. Dzinja lapitali ambulansi inatitimira m'matope isanawapeze. Ikanakhala njinga ija, bwenzi pano ndikuwaimbira foni, ndikuwauza za…