Lembani Cuffee

Beaufort, South Carolina
Malichi 1864

Okondedwa asuweni anga a Temperance,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Ohio sichinakufooleni. Ife kuno tilipo, ngakhale mizinga ikumvekabe cha ku Charleston.

Lolemba msilikali wa Kumpoto ankalemba mayina a ife omasulidwa. Atafika pa ine anati, "Hagar Ashmore, eti mayi?"

Ndinati, "Ashmore ndi uja anathawa n'kusiya akapolo ake ndi nkhumba zomwe. Ine ndine mwana wa Cuffee wosula zitsulo." Mukuwakumbuka bambo, mmene ankatinyamulira tonse awiri pamapewa?

Dilsey, mnzanga wa m'munda wa thonje, anandikoka nsalu. "Iwe, nanga mwana wako Lettie? Anamugulitsa akudziwa dzina la Ashmore. Nkhondo ikatha adzakufunafuna ndi dzina liti?"

Msilikaliyo anaimitsa cholembera. Ndinati, "Lembani Cuffee."

Papita zaka khumi ndi chimodzi chimugulitsireni Lettie, asuweni, ndipo sindidziwa ngati... Koma dzina la munthu amene anamugulitsa sindilisenzanso. Mtsikana wa chipsera pachibwano akadzafika kwanuko n'kufunsa za Hagar Ashmore, mudzamuuze kuti ameneyo kulibe. Amene alipo ndi amayi ake, ndipo akudikira.

Ndine msuweni wanu,
Hagar Cuffee