Makolo Akutuluka Mmodzimmodzi

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale. Mafumu a maiko akutali ndimawatchula mondondoza osapuma, koma mlamu wanga atandifunsa pagulu dzina la bambo wa agogo anga, ndinangotsokomola.

Manyaziwo anandituma kosungira zolemba zakale, komwe ndinapezako fumbi ndi chimfine. M'buku la ubatizo kutchalitchi, tsamba lathu linadyedwa ndi chiswe. Kumanda, zilembo zinafufutika. Ndiye ndinaitanitsa malume awo a bambo anga, omwe atsala okha pa msinkhu wawo, kuti adzacheze Loweruka ndi Lamlungu. Mvula inawapeza pano, yawasiyanso pano.

Makolowo amawatulutsa mmodzimmodzi, atakhuta. Ndikafunsa wotsatira amati, "Mdzukulu, ameneyo ndimamukumbuka bwino ndikamwa tiyi wamkaka." Mndandanda watalika ndithu, ndipo kholo lililonse linapha mkango.

Chifukwa cha msana wawo tinawapatsa chipinda chathu, ife tikugona pabalaza. Dzulo mkazi wanga, akupinda bulangete, anati, "Mwezi ukatha adakali muno, pa mndandanda wanuwo mufufutepo dzina langa." Sanaseke. Nditani?

W.N., kuseri kwa depoti

Aphunzitsi,

Kukoleji munapita ndinu, koma mayeso akukhoza ndi malume. Azindikira kuti makolo akadzatha, matiresi nawonso atha. Mukanakhala inu mukanafulumira?

Musawakalipire, ndiwo buku lokhalo lomwe chiswe chinakusiyirani. Koma buku lobwereka limabwezedwa. Ajambuleni mawu pafoni, kenako muwafunsenso za makolo omwe anawatchula kale. Mkango ukasanduka njati, mudziwa pomwe mbiri inathera ndi pomwe tiyi anayambira.

Mukatero, auzeni mwaulemu kuti wofufuza amatsimikiza chilichonse ndi maso. Dzina lililonse mukalifune nawo limodzi kumanda ndi kumatchalitchi, wapansi, m'mamawa madzi a tiyi asanawire. Sabata isanathe adzakumbuka kuti kwawo anasiya chitseko chosakhoma. Aguleleni jekete, muwathokoze, chikwama munyamule ndinu. Mayiwo auzeni dongosololi lero, asanayambe kulongedza chawo.

Samalani pokwerera basi. Malume adzasuzumira pawindo n'kufuula, "Mdzukulu, ndakumbuka wina!" Kwezani dzanja, mumwetulire, basi ipite. Kholo limenelo ladikira zaka zambirimbiri osadandaula. Akazi anu akungodikira kutha kwa mwezi.