Vinyo woyera ndi kampango wanu uja

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwino? Ife kuno tilipo ndithu.

Achemwali a Rosa anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kugombe. Chinangwa chakumtunda chachita bwino, kungoti mbuzi za aneba zadya chigwada cha m'mphepete monse. Sindinapite kukawauza. Mukundidziwa. Paja munkati, "Tsegula pakamwa Marita, anthu samva za mumtima."

Amene ankatidetsa nkhawa ndi Ababa. Chitisiyireni inu ankangotsina pang'ono n'kukankha mbale, mpaka anaboola bowo lina palamba. Ndinayesa kangapo kuwaphikira kampango wanu uja, tomato, anyezi, mchere, moto wochepa, monga ndinkaonera. Ankalawa, n'kuthokoza, basi. Ndinkadziwa kuti china chikusowa, koma woti ndimufunse panalibe.

Panopa ndimathandiza kuphika pa nyumba ina ya alendo kufupi ndi Metangula. Tsiku lina eni ake, omwe timangowatchula kuti a Dona, anatiitana kuti tilawe vinyo woyera yemwe anabwera pa minibasi ya chapa kuchokera ku Lichinga, kuti tizidziwa chakudya choyenda naye. Musadandaule Amayi, kunali kulawa chabe. Koma ine vinyo ndimamudziwira kuguwa kokha, pa Mgonero. Atandipatsira kopo ndinalandira ndi manja awiri, ndinapinda maondo, ndinamwa pang'ono, n'kunena kuti Amen. Khitchini yonse inafa nacho chiseko. Fatima, mnzanga wachisilamu yemwe anangonunkhiza osamwa, mpaka lero akuti, "Amen, tandipatsira mpeniwo."

Vinyoyu si wotsekemera ngati wa kutchalitchi. Ndi wozizira, maonekedwe ake ngati udzu wongoyamba kuuma, ndipo amanunkhira khungu la ndimu. Ukameza amawawasa m'mbali mwa lilime, malovu n'kudzaza m'kamwa. Tinamuyesa ndi chambo chowotcha, zinagwirizana kwambiri. Ndi chinangwa chokazinga nazonso bwino. Ndi usipa wouma wamchere anayamba kuwawa, ndipo ndi piripiri m'kamwa munangoyaka. Kenako ndinaluma kampango wamafuta, n'kumwera pang'ono. Mafuta onse anachoka palilime, nsomba inamveka kukoma kwake kwenikweni.

Amayi, ndinaima chilili. Kukoma kumeneko ndinkakudziwa. Kunali kwa mphika wanu.

A Dona atafunsa kuti ndikumva chiyani, ndinayankha pamaso pa anthu onse, ine ndemwe, kuti ndikumva mango osakhwima. Pomwepo ndinakumbukira. Nyengo yotentha munkandituma kukatola timango tating'ono tothothoka ndi mphepo. Ine ndinkayesa mumadya ndi mchere kuseri kwa nyumba. Kani munkatidula n'kuponya mumphika ine ndili kumadzi, timangoto n'kusungunukira mumsuzi!

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinatola mango atatu pansi pa mtengo wanu. Ndinasenda mosamala, ndinaika awiri mumphika wa kampango, lachitatu ndinasunga poopa kupyoza muyeso. Ababa analawa. Kenako anadya, Amayi. Anadya mpaka mutu, anayamwa minga yonse, n'kupukuta msuzi ndi chala. Posamba m'manja anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Anakuuza liti amako?"

Ndikanati munandiuzira m'kopo la vinyo, akanandiona ngati ndazungulira mutu.

Dzulo m'mawa ndinawapeza pansi pa mtengo uja, atawerama, akutolera timango m'chipewa chawo.

Ndikulonjeza kuti mdzukulu wanu akadzafika pogwira mpeni, ndidzamuonetsa zonse ali pomwepo, osamutuma kumadzi. Za mbuzi zija ndipita mawa, pakamwa ndikatsegula.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Marita