Bala la Abambo, Manja Anga

Lolemba, 3 Marichi

Wina wapitanso. Bedi la pakona, mayi uja anapsa ndi mafuta. Si moto wamupha ayi, zilonda zinali zitayamba kuuma. Ndi kachirombo komwe kaja. Pa pepala amalemba Acinetobacter, ife pa wodi timangoti Nkhutukumve, poti mankhwala aliwonse kamangowayang'ana. Takolopa, tachapa makatani, tapukuta mabedi mpaka utoto kusupuka. Kalipobe.

Lero kwabwera wofufuza wa ku labu. Wamtali, wolankhula ngati akupepesa. Thumba lodzaza timitengo ta thonje, ndiye anzanga amutcha kale a Thonje. Apukuta zitseko, mipope, mafoni, kenako ife: m'mphuno, m'khwapa, pakati pa zala. Ndinawaseka kuti zaka zonse ndagwira unesizi, ndi lero ndiyezedwe ngati nkhuku yachitopa? Anangomwetulira. Anayang'anitsitsa ming'alu ya m'manja mwangamu. Ndinati ndi sopo ndi sipiriti, manesi tonse tili choncho.

Kunyumba, phazi la abambo, amuna anga. Chitsulo chija anaponda ku shopu kwawo sabata yatha. Munthu wa shuga, wowotcherera zitsulo, koma kuyenda ndi patapata! Bala si lalikulu. Ndatsuka, ndamanga. Alamu anga, achemwali awo, aimba foni ati bwanji osawatengera kuchipatala. Ndawayankha kuti chipatalacho ndimagwirako ndine, ndikudziwa chimene chili m'makoma mwake. Bala lotseguka sindingalipititse kumene kuli Nkhutukumve. Nesi ali m'nyumba momwemo, akufunanso chiyani?

Lachinayi, 6 Marichi

Phazi latupa pang'ono. Mafinya ayamba. Ndawagulira makapisozi ku famase. Iwo nthabwala basi, ati anakwatira bwino, ena amachita kulipira kuti nesi awagwire mwendo. Shopu yotseka, eni mageti akuimba foni osalekeza. Zidzaoneka.

Ndimatsuka ndi manja enieni, nditasamba bwinobwino mpaka m'zigongono. Magolovesi ku wodi akuperewera, timachita kulimbirana. Ndikabe a odwala kubwera nawo kuno? Ine ayi.

Masana ndinapititsa magazi ku labu, a Thonje n'kundiitana kuti ndione ntchito yawo. Timbale tozungulira, kachirombo atakadzala pamwamba. Pamenepo amaikapo timapepala, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala ake. Mankhwala akamagwira, pozungulira kapepalako pamayera, pamakhala bwalo. Mbale ya mayi wa pakona uja: bwalo palibe. Kachirombo kamera mpaka kukhudza mankhwalawo. Ati kamabwerekana nzeru ndi tizirombo tinzake, kamatola timalangizo ta chibadwa, ati majini, tokapira mankhwala kunja ngati mmene timakapira madzi m'nyumba yodontha. Ati pa chitsulo chouma kamatha milungu kosadya, kosamwa. Amafotokoza maso akuwala, ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Ndinapsa mtima. Amene ndimatseka maso a anthuwo ndine.

Lolemba, 10 Marichi

Sindikudziwa ndiyambire pati.

A Metroni, akulu a manesi, anandiitana ndisanavale ndi yunifomu yomwe. Mu ofesi muli a Thonje, pepala m'manja. Chithunzi cha mtengo wa nthambi. Ati awerenga majini a kachirombo ka wodwala aliyense, ndipo amatha kuona kuti aka ndi aka n'pachibale, monga umadziwira ana a bambo mmodzi. Odwala amene tataya, nthambi imodzi. Mpope wa sinki ya pakati, nthambi yomweyo. Pansonga pake nambala. Nambalayo ndine. M'ming'alu ya manja ndi m'khwapa.

Ati si mlandu wanga. Kwa munthu wathanzi kamangokhala pakhungu phee, osamudwalitsa. Mwina ndinakatenga kwa wodwala, mwina pa mpope. A Metroni ati ndikapume kaye kunyumba, ndizisamba sopo wapinki wophera tizirombo uja thupi lonse, adzandiyezanso. Mawu ofatsa, koma mpando anaukokera kumbuyo. Ndinaona.

Za ntchitozo sindinazimve n'komwe. Mutu wonse unali ku phazi. M'mawa womwe uno ndalitsuka, chala changa chinachita kulowa m'bala pofinya mafinya.

Potuluka ndinapempha a Thonje kamtengo kamodzi. Anandipatsa, kenako anafunsa chapansipansi: "Mayi, kunyumba kuli wa chilonda?" Ndinagwira khoma.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndagula magolovesi, bokosi lathunthu. Lero. Madzi akatayika saoleka.

Abambo ataona ndavala anati mwayamba liti kunyansidwa nane. Ndinati ndi lamulo latsopano. Zokhala pakhomozi ndati ndi tchuthi chimene ndinkadandaula chija. Anasangalala, mayo ine! Ati tsopano azidya zotentha masana.

Ndapukuta bala, kamtengo ndakapereka pa khomo la labu ngati wakuba. Fungo layamba. Kufiira kwadutsa kakolo. Ndalemba mzere ndi bolopeni pamene kukuthera.

Ndawauza kuti tiyeni kuchipatala. Akana. "Si inu munati kumeneko n'koopsa?" Mawu anga omwe. Ndagwira njakata. Ndikawauza chifukwa, ndiwauza zonse, ndipo pakamwa pakukana.

Sopo wapinki akuwawa m'ming'alu ngati tsabola. Ndasamba, ndasambanso. Ndachapa zofunda zonse, ndapukuta zitseko, makapu, rimoti. Ndagona pa mpando, ndati msana.

Lachisanu, 14 Marichi

Kufiira kwadumpha mzere. Thupi moto, kunjenjemera, akuitana amayi awo amene anatisiya kalekale. Aneba atinyamula pa galimoto yawo.

Tili m'njira a Thonje anaimba. M'balamo ndi kachirombo komwe kaja. Titafika ndinawapempha kuti ndione mbaleyo ndi maso anga. Palibe bwalo, palibe, palibe. Malo amodzi okha, kabwalo kakang'ono, pa jakisoni wakalekale amene madokotala anamusiya chifukwa amawononga impso. Ndi yekhayo watsala. Munthu wa shuga, impso zake n'zotopa kale.

Awagoneka m'kachipinda kapadera, pa wodi yanga yomwe. Ine ndithere pa khomo. A Metroni ati pepani, simungalowe, muli ena a zilonda. Ndikudziwa. Ndikanakhala ine pa mpando wawo ndikananena zomwezo. Koma zaka zonsezi ndasambitsa amuna a eni, ndawatembenuza, ndawapukuta, lero wanga ndimuonere pa windo?

Ndakalirira m'chimbudzi cha alendo. Chitseko ndinatsegula ndi chigongono.

Lamlungu, 16 Marichi

Alamu afika ndi chikwama chawo ndi pakamwa pawo. Ndiwo akudikirira. Ine malo anga ndi kuseri, pa windo la kachipindako, pafupi ndi ngalande. Ndasanja njerwa kuti ndizifikira.

Alamu sakudziwa. Iwo akuti n'kunyada, nesi wamkulu sangatayire mwamuna wake mkodzo. Ananena mokweza, odikirira anzawo akumva, ati mukanandimvera tsiku lija si bwenzi achimwene ali apa. Ndinangoti zoona alamu. Anadabwa, anazolowera kuti ndimabweza.

Abambo akandiona amakweza dzanja. Akuloza milomo, yachita dzanzi ndi jakisoniyo. Thumba la mkodzo ndikuliona bwino pa windopo. Dzulo theka, lero pansi pokha, wakuda ngati tiyi. Anzanga akalowa amalitembenuzira kukhoma kuti ndisaone. Aiwala kuti kachitidwe kameneko ndinawaphunzitsa ndine.

Mulungu, tengani ntchitoyo, tengani manjawa, ndisiyireni munthuyu.

Lolemba, 17 Marichi

Ndinawakonzera tiyi m'fulasiki. Mnzanga wa pamtima, amene takhala tikudyera mbale imodzi pa wodi, anati ingoikani pansi ndidzatola. Anabwera ndi sipiriti kupukuta chogwirira. Akhoza. Koma zinandibaya.

Pobwerera ndinadzera ku shopu kukaona ngati loko alipo. Geti la eni lili chogona, theka lowotcherera. Magalasi awo akuda aja ali pa msomali. Ndinafuna kuwagwira, ndinabweza dzanja.

Mwana wathu waimba kuchokera kusukulu. Ndati adadi akupezako bwino, limbikira mayeso. Bodza likayamba limabereka msanga.

Sindinadye. Sindikumva njala.

Lachitatu, 19 Marichi

Andiyezanso. Kakadalipo. Khungu lasupuka ndi sopo, iko kali phee.

A Thonje anandipeza pa njerwa zanga. Akufuna banja livomere kuti kachirombo ka abambo kalowe mu kafukufuku wawo. Ati kali ndi majini okathandiza kumata ngati ulimbo, kakamata mankhwala salowa, ndiye akakamvetsa mwina ena adzapulumuka m'tsogolo. M'tsogolo! Ndinati tengani, kasungeni m'firiji mwanumo, koma mundiyankhe chimodzi. Mtengo wanu uja sungaonetse kuti mwina ndi iwo anapatsira ine? Chitsulo chija chinali chadothi. Ndinkachita kuwapempha ndi maso kuti aname. "Mayi, n'kamodzimodzi ndi ka pa wodi. Bambo pa wodi anali asanapondepo." Munthu ameneyu satha kunama. Ndamuda, ndamuthokozanso.

Madzulo, dokotala wa opaleshoni. Jakisoni aimitsa, impso zikukana. Kachirombo kafika pa fupa. Adula mwendo mawa, pansi pa bondo, ndipo sakulonjeza kanthu. Ati mtima ndi impso mwina sizipirira. Madzi afika m'khosi.

Abambo lero mutu unali bwino, asayina okha. Alamu akuti atasayina anaseka, ati akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ine ndilisiyadi konkuno. Alamu amafotokoza akulira. Kenako anandiyang'ana n'kuti achimwene akufunsa, kodi mayi ndawalakwira chiyani, bwanji sakulowa?

Lachinayi, 20 Marichi

Ndikulemba pa benchi, panja pa chipinda cha opaleshoni.

A Metroni anandilola kukumana nawo pa khonde, kunja kwa wodi, akamawapititsa. Anandiveka gauni, masiki, magolovesi awiriawiri. Alamu anatsogola ndi fayilo.

Aonda. Ndevu zamera zoyera, sindinkadziwa kuti zinayera chonchi. Ndinagwira dzanja lawo. Anayang'ana mphirayo, anati vulani izi, ine si wodwala wanu, ndine mwamuna wanu.

Ndinawauza. Zonse, mothamanga, osapuma. Za ming'alu, za mtengo wa a Thonje, za tchuthi chabodza. Kuti ndinawabisa kunyumba kuwathawitsa kachirombo, chonsecho ndili nako m'manja. Kuti phazi limeneli ndadula ndine. Wokankha bedi anayang'ana kudenga.

Anangondiyang'ana. Ndinati mwina sanamve, mwina ndi mankhwala. Ndinadikira kuti achotse dzanja. Kenako anati:

"Ndiye masiku onsewa mumaima pa windo chifukwa cha chimenecho? Ine ndimati mwatopa nane." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Nanga mukuopa kundipatsa chiyaninso, mayi? Ndili nako kale. Vulani."

Ndinavula. Dzanja lawo lotentha, lokhakhala ndi zipsera za ntchito. Anafinya pa ming'alu penipeni, zinawawa, sindinachotse. Tinayenda choncho mpaka pamene achibale amathera. Wokankha bedi ndi amene anatilekanitsa, chala chimodzichimodzi.

Nthawi imene dokotala ananena yadutsa kalekale. Alamu akupemphera, milomo yokha ikugwedera. Nesi wina watuluka chothamanga, wabwerera ndi matumba a magazi, osandiyang'ana. Ndimamudziwa, sadutsa osandipatsa moni.

Chitseko chatseguka. Ndi dokotala mwini wake, osati nesi. Akubwera kuno