Wosoka Nambala 18

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo msana uja unasiya kukuvutitsani. Kuno tilipo. Ana anu akukula, wamng'onoyo waguluka dzino ndipo akuonetsa aliyense wodutsa. Alamu nawonso m'thupi ali bwino. Koma pali nkhani imene ndayesa katatu kukuuzani pa foni, n'kulephera. Ndiye ndati ndilembe.

Mukudziwa kuti kafukufuku wanga wa kuyunivesite ndimachitira ku fakitale yosoka mayunifolomu kumene alamu amagwira ntchito. Ndi iwo anandipemphera chilolezo kwa bwana. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chimene osoka amasiyira ntchito kawirikawiri. Aphunzitsi ondiyang'anira anati ndigwiritse ntchito njira ziwiri, manambala ndi kucheza ndi anthu, chifukwa manambala amangonena kukula kwa vuto, pomwe anthu amanena gwero lake.

Ndinagawa mapepala a mafunso 312. Nditalowetsa mayankho mu kompyuta, zinatuluka zosalala: mwa anthu khumi alionse, asanu ndi anayi okhutira ndi ntchito. Ndinasangalala, kupusa kwanga.

Kenako ndinayamba kucheza ndi osoka mmodzimmodzi, m'kachipinda kosungira ulusi, nthawi yopuma masana. Ambiri ankangoyang'ana kuchitseko n'kumati zonse zili bwino. Alamu anabwera omaliza, a nambala 18. Anakhala pa katoni n'kundiuza kuti ndiyatse chojambulira mawu.

Anati mapepala anga aja anthu ankayankha kapitawo ataima kumbuyo kwawo, ndipo ena anachonga yekha. Anati zimbudzi zimakhomedwa mmawa wonse, moti amayi anasiya kumwa madzi. Anati mayi wina woyembekezera anakomoka pa makina, anapita padera, ndipo tsiku limenelo anamulemba kuti wajomba. Ndinabwerera ku mapepala aja. Okwana 140 anali a inki imodzi yobiriwira, kachongedwe kakenso kamodzi.

Achimwene, apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinalonjeza aliyense kuti sadzadziwika. Dzina la alamu ndinachotsadi, koma pofuna kuti mawu awo amveke olemera, ndinalemba kuti wolankhulayo wakhala zaka khumi ndi zinayi pa makina oboola mabowo a mabatani. Makina amenewo pafakitale ponse alipo amodzi.

Mgwirizano unali woti bwana aone lipoti ndisanapereke kusukulu. Ndinatumiza Lolemba. Lachisanu alamu anaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa kuti kampani ikuchepetsa antchito. Wochepetsedwa anali mmodzi yekha.

Tsopano watha mwezi. Mmawa uliwonse amavala ngati akupita kuntchito, amaperekeza ana mpaka pamphambano, kenako amazungulira m'mashopu a matelala ndi m'mafakitale ena. Kulikonse mbiri inawatsogolera kale kuti ndi apakamwa. Anandiletsa kukuuzani, akuti mudzasiya ntchito n'kubwera ndi mkwiyo, tonse n'kukhala pansi. Ndikuphwanya lonjezo lachiwiri polemba kalatayi, ndikudziwa.

Fakitale inalembera yunivesite kuti ichotsa chilolezo ngati zimene osoka ananena zikhalamo. Aphunzitsi anga anandiitana. Anati ndichotse gawo la zokambirana, ndisiye manambala okha, ndimaliza chaka chino. Ndikakana, nkhani ipita ku komiti yoona za khalidwe la ofufuza, ndipo kumeneko kulakwa kwanga kudzaonekera poyera. Ndinawafunsa ngati manambala a inki yobiriwira aja ndiwo ndipereke. Anayang'ana pawindo, anati asayina chimene ndibweretse.

Ndinapita kwa alamu. Ndinawapeza akusita yunifolomu ya mwana. Ndinagwada, ndinawauza zonse, ndi zoti mwina ndikachotsa mawu awo bwana angawaganizire. Anaimika ayironi.

"Dzukani alamu, mudetsa siketi," anatero. "Kumene kuja sindidzabwererako, inunso mukudziwa. Mukachotsa mawu angawo, ndiye kuti andichotsera chiyani?"

Sindichotsa. Lachinayi ndikaonekera ku komiti, ndipo ndikanena ndekha kuti ndinaulula munthu amene ndinalonjeza kumubisa. Akhoza kundibweza chaka, akhozanso kundichotsa sukulu. Ndikudziwa mmene munavutikira kuti ndifike pano.

Pempho langa ndi ili. Muwaimbire alamu, koma musawafunse chifukwa chimene anakubisirani. Mungowauza kuti mwamva ndipo muli nawo limodzi. Ntchito yanu musasiye. Mkwiyo wonse musungire ine, ndidzaulandira, kaya pa foni kaya pamaso.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali kumeneko, koma izi musawauze kaye. Mulungu akusungeni, ndipo Lachinayi mundikumbukire m'pemphero, ngakhale mutakhala kuti simunandikhululukire.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa amayi