Mungu Kumiyendo ya Njuchi

Lolemba, 4 Seputembala
Bambo mwendo ukadali m'chikhakha. Mng'oma wawo kuseri kwa nyumba uli zii. Achimwene akuti njuchi zinathawa kalekale, Loweruka aphwasula matabwawo akhomere khola la nkhuku. Bambo anangotembenukira kukhoma, chakudya osachikhudza. Kenako anandituma: "Mwana wanga, mawa ukandionere ngati kumaluwa kukubwera alendo." Ine njuchi ndimaziopa. Sindinawauze.

Lachiwiri, 5 Seputembala
Ndinakhala pa ndowa pafupi ndi mpendadzuwa, kope ndi pensulo m'manja. Chilichonse chotera paduwa, kamzere. Timizere 63, ndinawerenga kawiri. Bambo anafunsa kuti zamtundu wanji. Ndinati zamapiko oyera, zina achikasu, zokongola zedi. Anaseka mpaka kugwira mwendo. "Wandiwerengera agulugufe! Amenewo amamwa n'kumapita, kwawo satengerako kanthu." Manyazi. Komabe kuseka kwawoko ndinali nditakusowa.

Lachitatu, 6 Seputembala
Lero ndayang'anitsitsa. Gulugufe amatambasula kamlomo kake kopindika ngati waya, n'kumamwa ataima chapatali, mwaulemu ngati ine kunyumba kwa eni. Njuchi imalowetsa mutu wonse, imatuluka ili mbuu ndi mungu. Ndaona zinayi zokha. Bambo akuti zinayi zikhoza kukhala za mng'oma wa wina. Umboni uli pakhomo pa mng'oma wathu: zikamalowa ndi mungu kumiyendo, ndiye kuti mkati muli ana ofuna kudya. Pakhomo penipeni. Mayo ine.

Lachisanu, 8 Seputembala
Dzulo popita kumng'oma ndinangofika pamtengo wa mandimu n'kubwerera. Achimwene abwereka kale hamala.
Lero malaya aatali manja, masokosi m'manja, neti ya udzudzu kumutu. Achimwene anakuwa kuti, "Mkwatibwi akupita kuti?" Ndinagwada chapambali, osati kutsogolo kwa khomo, monga anandiuzira Bambo. Kwa nthawi ndithu, palibe. Kenako imodzi, timipira tachikasu kumiyendo yakumbuyo. Inanso. Zonse 17. Ina inandiluma pachala, sokosi inali yobooka. Sindinathawe mpaka nditalemba.

Loweruka, 9 Seputembala
Chala chatupa, pensulo ikuvuta kugwira. Achimwene anayang'ana kope langa, anakanda mutu, nkhuku zigonabe m'khitchini. Bambo aitanitsa ndodo, akuti mpando wawo upite kuseri. Andipatsanso chipewa chawo cha njuchi, chimene salola munthu kuchikhudza. Akuti ndichibweze pang'ono ndi singano, n'chachikulu pamutu panga.
Ulusi wakuda palibe. Ndisokera wofiira.