Mankhwala a Abambo pa Bedi 9

KOMITI YOONA ZA CHITHANDIZO CHA ODWALA KHANSA
Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti
Malo: Chipinda chamisonkhano, moyang'anana ndi wodi ya amayi
Opezeka: Wapampando, Dokotala wa Khansa, Mkulu wa Famase, Sisitala wa Wodi, Mlembi
Osabwera: Dokotala wa Opaleshoni (osapepesa, monga mwa nthawi zonse)

1. Kutsegula
Msonkhano wa 9 koloko unayamba 10:40, Wapampando atafika. Palibe anatsokomola.

2. Mayi wa pa bedi 9
2.1 Dokotala wa Khansa anakumbutsa komiti kuti mayiyu, yemwe ndi mphunzitsi, ali ndi khansa m'chiwalo chopanga malovu, pansi pa khutu, ndipo yafalikira m'mapapo. Opaleshoni singathandizenso.

2.2 Anati kulabotale apeza kuti maselo a chotupacho amakula ndi mahomoni achimuna, omwe amayi nawonso amakhala nawo pang'ono. Choncho mankhwala otsekereza mahomoniwo, omwe timapatsa abambo odwala khansa ya purositeti, angachifooketse chotupacho.

2.3 Mkulu wa Famase anavomera kuti mankhwalawo alipo, makatoni awiri, koma fomu yotulutsira ili ndi bokosi limodzi lokha lochongamo, lolembedwa "Mwamuna". Anati, "Nanga ine ndichonge pati? Mayi ndi mayi basi."

2.4 Dokotala anayankha kuti chotupa sichiwerenga fomu. Sisitala anapempha cholembera kuti ajambule okha bokosi lachiwiri. Wapampando anati, "Iyayi Sisitala, zikalata zachipatala si zoseweretsa. Kuthamanga sikufika."

2.5 Sisitala ananena mawu ena okhudza mutu wa Mkulu wa Famase. Mlembi analamulidwa kuti asawalembe, ngakhale anali oona.

2.6 Chigamulo: pakhale kakomiti kounikanso fomuyo, kadzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira. Mamembala ake ndi Mkulu wa Famase ndi Dokotala wa Opaleshoni uja sabwera uja.

3. Zina ndi zina
Wapampando anadandaula kuti kukhosi kwawauma ndi kuyankhula, chonsecho patebulo panalibe madzi akumwa. Madziwo anabwera pompopompo, popanda fomu. Sisitala anati mayi wa pa bedi 9 sanameze ngakhale dontho chiyambire Lolemba. Wapampando anamwa, napukuta pakamwa, nati mfundo yachiwiri inatsekedwa kale.

4. Msonkhano wotsatira
Lachinayi, 11 Seputembala. Dokotala wa Khansa anapempha kuti zilembedwe kuti, popanda mankhwalawo, mayiyu sadzafika tsikulo. Zalembedwa.

Msonkhano unatha 11:55, nthawi ya nkhomaliro isanasokonezeke.

Wapampando: ______________

Mlembi: ______________